Achemwali a ku Leeds afunsa za Siouxsie ndi chimbale chake cha Mantaray

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Ndaidula pang'ono, koma mfundo zake ndi izi:

"Achimwene, ndidagula CD ndi paundi imodzi m'shopu ya zinthu zakale chifukwa chikuto chake chidandikopa. Ndi ya mayi wina dzina lake Siouxsie, mutu wake Mantaray. Ndakhala ndikuimvera m'galimoto popita kuntchito, ndipo nyimbo zitatu zoyambirira zandigwira mtima. Amayi ena achikulire achizungu omwe ndimagwira nawo ntchito ataimva adaseka, amvekere imeneyo ndi glam yeniyeni, yawakumbutsa utsikana wawo. Koma pa intaneti aliyense akuti mayiyu ndi wa punk, ena akuti goth. Zoona ndi ziti? Glam n'chiyani? Nanga zidatheka bwanji kuti munthu atulutse chimbale chake choyamba ali ndi zaka 50? Adali kuti nthawi yonseyi?"

Zikomo achemwali, paundi imeneyo simudaitaye. Amayi mumagwira nawo ntchitowo sadaname, a pa intaneti nawonso sadaname. Aliyense akuloza zaka zosiyana za moyo wa munthu mmodzi. Siouxsie (dzinali amalitchula ngati Suzi) adatulukira ndi punk (rock yaphokoso ndi yaukali) mu 1976, m'zaka za m'ma 1980 anthu adamukakamiza dzina la goth (nyimbo za mdima ndi zovala zakuda) iye akulikana, koma nyimbo zomwe zidamulera ali mtsikana ndi glam. Ine ndikamamvera Mantaray ndimamva munthu yemwe watsala yekha koyamba patatha zaka 30 akuyimba ndi anthu omwewo, ndipo posowa woti atsamire, wabwerera ku nyimbo za utsikana wake kukatapa mphamvu. Ndifotokoza chifukwa chake ndikuganiza choncho, koma tiyambe ndi glam, chifukwa popanda iyo zinazi sizimveka.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, rock ya ku Britain idali itayamba kudzimva kuti ndi ya anthu ophunzira. Anyamata a ndevu ndi tsitsi lofika m'mapewa, atavala jinzi yakutha, ankayimba nyimbo imodzi mphindi 15 kapena 20, maso ali pa gitala, omvera atakhala pansi ngati ali m'kalasi. Mwana wa zaka 13 wofuna kuvina ndi kukuwa adalibe chake mmenemo. Ndiye mu March 1971 Marc Bolan wa gulu la T. Rex adaonekera pa pulogalamu ya BBC ya Top of the Pops atavala satini wonyezimira, atamata timiyala tonyezimira m'munsi mwa maso. Ambiri amawerengera kubadwa kwa glam kuyambira usiku umenewo. Kumbukirani kuti nthawiyo Britain yonse idali ndi matchanelo atatu okha a TV, ndipo pulogalamuyi inkaulutsidwa Lachinayi madzulo banja lonse lili pabalaza. Bambo ankang'ung'udza kuti kodi ameneyu ndi mwamuna kapena mkazi, mwana ali duu pafupi ndi TV, mtima uli m'mwamba. Anzanu akuntchito aja mukawafunsa bwino akuuzani kuti zimenezi zidachitikanso kwawo.

Chaka chotsatira, 1972, David Bowie adadzisandutsa munthu wongopeka wa pa siteji, Ziggy Stardust, tsitsi lofiira psuu, ndipo gulu la Roxy Music lidatulutsa chimbale chake choyamba, Bryan Ferry atavala ngati katswiri wa mafilimu akale, Brian Eno ali ndi nthenga m'mapewa. Kumbali ina kudali Slade ndi The Sweet, omwe sankadzivuta ndi zaluso. Ntchito yawo idali kukuwitsa anthu basi.

Kumva kwake glam sikovuta kuizindikira. Ng'oma imagunda molemera komanso mosapita m'mbali, yoti munthu apondereze phazi pansi. Pamwamba pake pamakhala kuwomba m'manja. Gitala ndi wokhuthala, wosasa, wobwereza kachidutswa kamodzi m'malo moyendayenda. Nyimbo ndi yaifupi, mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo kolasi yake ndi yoti gulu la anthu liyimbe pamodzi litangoimva kawiri. Nthawi zina saxophone imalowerera. Koma theka lina la glam silimveka ndi khutu, limaoneka ndi maso: nsapato zazitali ngati njerwa, zodzoladzola kumaso, zovala zasiliva. Ngati mudaonerapo malipenga ku Nkhata Bay kapena beni ku Mangochi, mukudziwa kuti yunifomu, mamendulo ndi kuyenda konyada kuja si zongokometsera gule ayi, ndiye guleyo. Msodzi tsiku limenelo ndi kaputeni, ndipo palibe yemwe akunamizidwa. Bolan adali mwana wa dalaivala wa lole, bambo a Ferry ankagwira ntchito ya m'munda ndi kusamalira mahachi a kumgodi. Anyamata amenewa sadadikire kuti wina awauze kuti ndi akatswiri. Adavala ukatswiriwo kaye, dziko n'kuvomereza pambuyo.

Chinthu chimodzi chomwe anthu amachidumpha: glam idali ya amuna. Amuna ndi omwe ankabwereka zodzola ndi zovala za akazi, akazi eni ake ali pansi pa siteji kukuwa. Yemwe adaswa mpanda ndi Suzi Quatro wa ku Detroit, yemwe adachita zosiyana, kuvala chikopa chakuda kuyambira m'khosi mpaka kumapazi atanyamula gitala wa bezi wamkulu pafupifupi ngati iye mwini, nafika pa nambala 1 ku Britain mu 1973. Kupatula iye, mayina a akazi ndi owerengeka. N'chifukwa chake chimbale ngati Mantaray chimandisangalatsa mwapadera: mtsikana yemwe adali kumbali ya okuwa wabwera kudzatenga malo a pa siteji ya glam, patatha zaka 35.

Mtsikanayo dzina lake lenileni ndi Susan Janet Ballion. Adabadwa pa 27 May 1957 ku London, nakulira ku Chislehurst, dera la nyumba zaudongo ndi maudzu odulidwa bwino kufupi ndi Bromley, komwe iye adadana nako ndi mtima wonse. Bambo ake adali a ku Belgium, katswiri wa tizilombo toyambitsa matenda, ndipo adakumana ndi mayi ake ku Congo nthawi ya atsamunda. Mowa udawasokoneza, ndipo adamwalira Susan ali ndi zaka 14. Mu 1972 iye adadwala kwambiri matenda a zilonda za m'matumbo mpaka kugonekedwa m'chipatala, ndipo ndi nthawi imeneyi pomwe adaonera Bowie pa Top of the Pops. Taganizani mwana wa zaka 15, bambo amwalira kumene, thupi lamukana, kenako pa TV pakubwera munthu wooneka ngati watsika kumwezi, wosachita manyazi ndi chilichonse. Zotere sizichoka m'mutu.

Mu 1975 adakumana ndi Steven Severin, yemwe adadzakhala woyimba bezi wa gulu lake, ku konsati ya Roxy Music. Awiriwa ndi anzawo ena adayamba kutsatira gulu latsopano la Sex Pistols kulikonse komwe linkayimba, mpaka atolankhani adawapatsa dzina loti Bromley Contingent. Pa 20 September 1976, ku 100 Club pa Oxford Street, kudapezeka mpata pa pulogalamu ya chikondwerero cha punk, iwo n'kudzipereka asakudziwa kuyimba chida chilichonse bwinobwino. Adachita phokoso pafupifupi mphindi 20, Siouxsie akulakatula Pemphero la Ambuye mosakaniza ndi zidutswa za nyimbo zina, Sid Vicious, yemwe pambuyo pake adalowa Sex Pistols, ali pa ng'oma. Cholinga chidali choti gululo lithere pomwepo usiku womwewo. Lidakhala zaka 20, dzina lake Siouxsie and the Banshees.

Apa mpomwe pali yankho la funso lanu loyamba. Ana omwe adayambitsa punk ku London mu 1976 ndi omwe aja ankaonera Bolan ndi Bowie ali ku sekondale. Nyimbo zazifupi, kudzipatsa dzina latsopano, kuvala zodabwitsa anthu mumsewu, zonsezi adaphunzira ku glam. Adangochotsa zonyezimira n'kuikapo ukali. Siouxsie sadabise konse komwe adachokera. Mu 1979 gulu lake lidajambula nyimbo ya T. Rex ya 20th Century Boy, ndipo mu 1987 lidatulutsa chimbale chonse cha nyimbo za anthu ena, Through the Looking Glass, momwe muli nyimbo za Roxy Music, Sparks ndi Iggy Pop. Munthu akamasankha nyimbo za ena zoti ayimbe, amakuuzani kwawo.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, chifukwa mukamafufuza zithunzi zake mudzachipeza. Mu 1976 adavalapo chizindikiro cha a Nazi cha swastika pamkono. Iye adati cholinga chidali kukwiyitsa akuluakulu, osati ndale, ndipo pambuyo pake adayesetsa kuonetsa mbali yomwe ali: nyimbo ya Metal Postcard adaipereka kwa John Heartfield, wojambula yemwe adalimbana ndi a Nazi, ndipo mu 1980 adatulutsa nyimbo yotchedwa Israel. Kwa ine chidali chibwana choipa, ndipo chimaonetsa malire a maganizo aja oti chovala ndi sewero chabe.

Tsono adali kuti mpaka zaka 50? Adali pantchito, achemwali, ndipo ntchito yake idali yaikulu. Banshees idatulutsa zimbale 11 za mu situdiyo kuyambira 1978 mpaka 1995. Nyimbo yawo yoyamba, Hong Kong Garden, idafika pa nambala 7 ku Britain. Dear Prudence ya Beatles yomwe adaiyimbanso mu 1983 idafika pa nambala 3. Mu 1991 Kiss Them for Me idafika pa nambala 23 ku America. Robert Smith wa The Cure adawayimbirapo gitala kawiri konse. Gululi lidatha mu April 1996, n'kudzakumananso kanthawi kochepa mu 2002.

Koma munthu wofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi woyimba ng'oma, Budgie. Adalowa m'gululi mu 1979, anthu awiri atathawa mwadzidzidzi ulendo wa makonsati uli mkati ku Aberdeen. Budgie si woyimba ng'oma wamba wongosunga nthawi. Amakonda ng'oma zazikulu zapansi kuposa zitsulo za pamwamba, amayimba marimba, ndipo ng'oma zake zimayankhulana ndi mawu a woyimba ngati anthu awiri akukambirana. Mu 1981 iye ndi Siouxsie adayambitsa gulu lawolawo la anthu awiri, The Creatures, lomwe maziko ake adali mawu ndi ng'oma basi. Adajambula chimbale ku Hawaii mu 1983, china ku Spain mu 1989, ndipo chomaliza, cha 2003, adachiyambira ku Tokyo ndi katswiri wa ng'oma za ku Japan za taiko, Leonard Eto. Adakwatirana mu 1991, n'kusamukira kum'mwera chakumadzulo kwa France. Ngakhale mu 2004, pomwe Siouxsie adayamba kuyimba makonsati pa dzina lake lokha, kumbuyo kwake pa ng'oma padali Budgie yemweyo.

Mu August 2007 Siouxsie adaulula kuti banja lawo latha. Mwezi wotsatira, pa 10 September, Mantaray idatuluka. Ndiye mukamamva kuti ndi chimbale chake choyamba payekha, tanthauzo lake lenileni ndi ili: kuyambira 1980, chimbale chilichonse chomwe adatulutsa chidali ndi ng'oma za Budgie, ndipo zimbale zonse za Banshees zidali ndi bezi ya Severin. Ichi n'choyamba chopanda onse awiri. Sadachedwe kuyamba kuyimba yekha chifukwa cha mantha kapena kuponderezedwa; dzina lake lidali kale kutsogolo kwa gulu kuyambira tsiku loyamba. Chabe kuti kudalibe chifukwa chochitira zimenezo kufikira anthu omwe ankayenda nawo atatha.

Kajambulidwe kake kadalinso kachilendo kwa iye. Kale ankalowa m'chipinda ndi gulu lake n'kumanga nyimbo pamodzi. Ulendo uno ankanyamuka ku France kupita ku Bath, ku England, kukagwira ntchito ndi maprodusa awiri, Steve Evans ndi Charlie Jones, omwe onse adagwirapo ntchito ndi Robert Plant wa Led Zeppelin. Pa ng'oma padakhala Clive Deamer, yemwe amadziwika ndi gulu la Portishead. Deamer ndi woyimba wodekha, waudongo, wokhala ndi dzanja la jazz. Sapikisana ndi woyimba, amamuyalira mphasa. Kusiyana kwake ndi Budgie ndi komwe kumapangitsa chimbalechi kumveka pop kuposa china chilichonse chomwe Siouxsie adachitapo. Mawu ali kutsogolo, zida zili kumbuyo, aliyense akudziwa malo ake.

Pali kanthu kena kokhudza Charlie Jones. Ankayimbanso bezi m'gulu la Goldfrapp, la woyimba wamkazi Alison Goldfrapp, lomwe zaka zingapo m'mbuyomo, ndi zimbale za Black Cherry mu 2003 ndi Supernature mu 2005, lidadzutsa kugunda kwa glam n'kukuveka makina a kompyuta. Choncho Siouxsie sadafukule chinthu chakufa ayi. Glam idali itabwerera kale pa wailesi za ku Britain, ulendo uno ili m'manja mwa mkazi, ndipo mmodzi wa anthu odziwa kuiphika adali naye mu situdiyo.

Tiyeni tilowe m'nyimbo zanu zitatu zija. Khutu lanu ndi labwino, chifukwa ndi zomwezo zomwe kampani idazitulutsa ngati masingo.

Into a Swan imayamba ngati chigayo chikulira, gitala ndi makina zitasakanikirana moti sudziwa kuti ichi n'chiti. Kenako mawu amalowa, otsika, osafulumira, ngati munthu yemwe akudziwa kuti palibe angamudule pakamwa. Nkhani yake ndi ya kusandulika, munthu akumva kuti china chake chikuphulika mkati mwake ndipo sangachiletse. Glam yake ili pamenepo kwenikweni, pa nkhani ya kudzisandutsa chinthu china pamaso pa anthu, ngakhale kamvekedwe kake n'kolimba kuposa ka Bolan. Tamverani momwe amakokera mawu kumapeto kwa mzere uliwonse, osawasiya msanga. Ali mtsikana ankakuwa mawu amenewa mothamanga, pano amawakhalira.

About to Happen ndi yomwe ndikukhulupirira kuti idaseketsa anzanu aja. Iyi ndiye glam yopanda kubisa: kachidutswa ka gitala kodumphadumpha, ng'oma yoti phazi ligunde pansi, kolasi yosavuta. Muiike pambali pa nyimbo iliyonse ya T. Rex ya 1971 kapena 1972, muona kuti ndi pachibale. Ndi nyimbo yachisangalalo, chinthu chomwe anthu omutcha mfumukazi ya mdima sayembekezera, ndipo ndikaimva ndimaona ngati mu situdiyo ankamwetulira.

Here Comes That Day ndiye mfumu ya chimbale chonse, ndipo apa sindilola mtsutso. Malipenga amalowa mwamphamvu ngati nyimbo za mafilimu a James Bond zomwe ankayimba Shirley Bassey, ng'oma ikuyenda pang'onopang'ono monyada, ndipo Siouxsie akuuza munthu wina wachinyengo, wodzionetsa ngati woyera, kuti tsiku lake lafika. Sakukalipa. Akunena mozizira, mokondwa pang'ono, ngati munthu yemwe wadikira nthawi yaitali ndipo wavala bwino kudzaonerera. Mtsikana wa zaka 20 sangaiyimbe nyimbo imeneyi n'kumveka. Imafuna mawu omwe aona zinthu. Kanema wake adajambulira pa Eiffel Tower ku Paris. Kumbukiraninso kuti chaka cha 2007 ndi chomwe Amy Winehouse adali paliponse ndi Back to Black, moti makutu a anthu adali atazolowera malipenga achikale. Nyimboyi idabwera pa nthawi yake, kungoti mawailesi akuluakulu sathamangira mayi wa zaka 50.

Mukadutsa zitatuzi, glam imayamba kuchepa, ndipo apa ndiyenera kunena mosapsatira kuti anzanu aja adanena zoona za mbali imodzi chabe ya chimbalechi. Loveless ndi yolemera, yokwiya, ili ndi kamvekedwe ka marimba komwe kamakumbutsa The Creatures. If It Doesn't Kill You ndi nyimbo yapang'onopang'ono ya mavayolini, ya mtundu wa m'makalabu a usiku akale. One Mile Below ndi yomwe imandivuta: ng'oma zake zikuyesa kuchita zomwe Budgie ankachita, ndipo ngakhale palibe cholakwika, amene adamvapo mwini wakeyo amadziwa kuti pali munthu yemwe palibe. Drone Zone ili ndi bezi ya jazz ndipo ikunyoza moyo wongodzuka, kugula, kugona. Maganizo ndi abwino koma nyimboyo siifika patali. Sea of Tranquility ndi They Follow You zimakula ukamazimvera kawirikawiri. Chimbale chimatsekedwa ndi Heaven and Alchemy, piyano ndi mawu, nyimbo ya kukonda chithunzi cha munthu chomwe wadzipangira m'mutu osati munthu weniweniyo. Imeneyo musaimvere muli pa changu.

Nyimbo zonse ndi 10, ndipo chimbale chimatha mphindi pafupifupi 40. Ndimayamikira zimenezo. Mu 2007 oyimba ambiri ankadzaza CD mpaka pakamwa chifukwa choti malo alipo.

Anthu ambiri amafuna kumva nyimbo iliyonse ya mu Mantaray ngati kalata yopita kwa Budgie. Ine ndimakana. N'zoona kuti chimbale chotuluka mwezi umodzi chisudzulo chitalengezedwa, chodzaza ndi nkhani za kusandulika, chinyengo ndi chikondi chozilala, chimakuitana kuti uganize choncho. Koma Siouxsie wakhala akulemba za anthu achinyengo ndi za kusintha khungu kuyambira 1978, ndipo ndi mwana wa sukulu ya Bowie, komwe woyimba amavala munthu wina pa nyimbo iliyonse. Glam siulula zakukhosi mwachindunji monga amachitira woyimba wa gitala imodzi atakhala pa mpando. Imatenga ululu n'kuuveka chovala chonyezimira, n'kuuimika pa siteji. Ngati muli chisoni mu Mantaray, ndipo ndikukhulupirira kuti chilimo, chadzola kale kumaso chisanatuluke m'nyumba.

Kodi ndi chimbale chake chabwino koposa? Ayi. Juju ya 1981 ndi A Kiss in the Dreamhouse ya 1982, zomwe gitala adayimba John McGeoch, zili patali. Kumeneko gulu lonse linkapanga chinthu chomwe kudalibe, ndipo magulu ambiri adadya za m'mbale imeneyo kwa zaka zambiri. Ngakhale woyimba wa ku Canada The Weeknd mu 2011 adatapa nyimbo yawo ya Happy House ya 1980 pomanga nyimbo yake ya House of Balloons. Mantaray sikupanga chatsopano chotere. Ndi ntchito ya akatswiri olembedwa ganyu, yosalala, nthawi zina yosalala mopitirira, ndipo pali malo pomwe ndimalakalaka wina atalakwitsa kanthu kuti moyo ulowe. Komabe mawu ake sadamvekepo okoma chonchi. Zaka zidawatsitsa, zidawapatsa thupi, ndipo maprodusa adachita bwino kuwasiyira bwalo lonse. Olemba za nyimbo adachilandira bwino, koma pa tchati ya ku Britain chidangofika pa nambala 39. N'chifukwa chake mudachipeza pa paundi imodzi.

Za goth ndingonena mwachidule, chifukwa mwini wake dzinalo salifuna. Tsitsi lakuda loimirira ndi maso opakidwa ngati a mafumu a ku Egypt zidakopedwa ndi atsikana ndi anyamata ambirimbiri m'zaka za m'ma 1980, ndipo Juju ndi chimodzi mwa zimbale zomwe gulu limenelo limati ndi maziko ake. Koma iye amaona kuti dzinalo limamutsekera m'kachipinda kamodzi pomwe adayimba za mitundu yambiri, ndipo Mantaray ndi umboni wake wabwino.

Chomwe chidatsatira n'chodabwitsa pang'ono. Munthu akadaganiza kuti wayamba moyo watsopano ndipo zimbale zibwera motsatizana. Adayenda ndi makonsati mpaka September 2008, pomwe adatsekera ku KOKO ku London, konsati yomwe idatuluka pa DVD chaka chotsatira. Kenako zii. Adatulukira mu 2013 pa chikondwerero cha Meltdown chomwe adakonza Yoko Ono ku Royal Festival Hall, mu 2015 adayimba nyimbo imodzi, Love Crime, yotsekera sewero la pa TV la Hannibal, n'kusowanso mpaka 2023, pomwe adabwerera pa siteji ku Ulaya ndi ku America ndipo Mantaray idatulutsidwanso itakonzedwa mawu. Zaka 16 zonsezo padalibe chimbale chachiwiri. Ena zimawakhumudwitsa. Ine ndimaona kuti zikugwirizana ndi khalidwe lake: sadayimbepo chifukwa choti kalendala yanena.

Ngati mukufuna kupitiriza, musathamangire ku Juju kaye, ingakuwawani m'khutu mutachokera ku Mantaray. Yambani chammbuyo ndi Electric Warrior ya T. Rex ya 1971, muimvere kamodzi kenako mubwerere ku About to Happen, mudzamva nokha zomwe anzanu adamva. Mukatero pezani Once Upon a Time, chimbale cha 1981 chosonkhanitsa masingo oyambirira a Banshees, kuti mumve mtsikana uja akukula nyimbo ndi nyimbo kuchokera 1978. Pambuyo pake Boomerang ya The Creatures, ija adajambula ku Spain, kuti mudziwe ng'oma za Budgie ndi kumvetsa chomwe ndikutanthauza ndikamati mu One Mile Below muli munthu yemwe palibe. Juju idzabwere pomaliza, ndipo mudzandilembere kuti mwaiona bwanji, chifukwa pamenepo ndikuyembekezera kuti tidzakangana.